Ofu ya a Nasimbi

Dzina loti Nasimbi sanabadwe nalo. Linawapeza kuntchito, m'chipinda chapansi pa hotela ina yaikulu, momwe anachapa ndi kusita nsalu za alendo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Wophika wina wokonda nthabwala anatsikirako tsiku lina kudzatenga epuloni yake, n'kuwapeza ali ndi simbi m'manja, kumaso kuli thukuta lokhalokha. Anati, "Kodi simbiyi munabadwa nayo? Inu ndinu a Nasimbi basi." Dzinalo linakanirira. Linakwera masitepe mpaka kumaofesi, linatuluka pageti, linakwera minibasi mpaka kukafika kunyumba, moti ngakhale alamu awo ankawaitana nalo.

Chipindacho chinalibe zenera, kupatula kabowo kamodzi kazitsulo pafupi ndi denga, kamene kankaonetsa miyendo ya anthu odutsa mumsewu. Mapaipi a madzi otentha ankadutsa pamwamba pa mitu yawo, akudontha. Munali makina atatu ochapira, awiri oumitsira, ndi chimakina chimodzi chachitali chositira mashiti, chokhala ndi chigudumu chotentha chimene chinkameza shiti yonyowa mbali ino n'kuilavula yowongoka mbali inayo. Phokoso lake linali loti munthu akafuna kukuuza kanthu ankayamba wakugwira paphewa.

Analowa ntchitoyi ali ndi mwana mmodzi woyamwa, sukulu atasiyira panjira. Tsiku loyamba kapitawo, bambo wamfupi woyenda ndi thaulo m'khosi, anawafunsa ngati amadziwa Chingerezi.

"Pang'ono, bwana."

"Pang'ono pake ndi pati?"

Anangoyang'ana pansi. Kapitawoyo anawakokera pachimakina chija n'kuloza batani lofiira, lalikulu ngati chibakera cha mwana. Pansi pake panali zilembo zitatu, chimodzi chozungulira ngati dzira, ziwiri zofanana ngati mapasa.

"Mawu awa amati ofu. Tanena."

"Ofu."

"Ndiye kuti zimitsa. Chinthu chikavuta, usakuwe, usathamange kukandifuna, usapemphere. Menya apa. Kupemphera uzichita pambuyo pake. Chingerezi chonse chimene chikufunika muno ndi chimenechi. Chinacho n'cha anzathu a m'mwambamu, olankhula ndi alendo."

Pakutha pa sabata, pachitseko panamatidwa pepala la mashifiti. A Nasimbi anatsata mzere wa dzina lawo ndi chala, ndipo pansi pa Lachiwiri anapeza zilembo zitatu zomwe zija. Anakoka mnzawo amene ankagwira naye pachigudumu, mayi woonda wosatseka pakamwa, amene aliyense ankamutcha Wailesi.

"Asisi, taonani apa. Andizimitsa. Ndalakwa chiyani ine?"

Wailesi anaseka mpaka kugwira khoma. "Mayo ine! Akuzimitse iwe, ndiwe babu? Ofu imeneyi ndi ina. Ndiye kuti Lachiwiri usabwere, ukagone kwanu, ukatambasule miyendo."

"Nanga alemberanji mawu a pamakina?"

"Eni ake a Chingerezi ndi oumira, mnzanga. Mawu awo ali ngati sopo wa m'nyumba ya mphawi. Kuchapira yemweyo, kusambira yemweyo, mbale yemweyo."

Ofu ya pamakina anaimenya mwadzidzidzi kamodzi kokha pa zaka zonsezo. Unali mwezi wawo wachinayi. Wailesi anali mkati mofotokoza za mlendo wina amene anaiwala mano ake oikirira m'pilokesi, maso ali kwa anzake m'malo moyang'ana shiti, pamene chigudumu chinagwira zala zake. Kukuwa kwake sikunamveke chifukwa cha phokoso. A Nasimbi anangoona kukamwa kuli yasa, phewa likukokedwa. Anataya mtolo wa mathaulo n'kumenya batani lija ndi chibakera. Chimakina chinabuula n'kuima. Zala ziwiri za kumanja zinapita, koma mkono unatsala. Wailesi atabwerera patatha miyezi iwiri anamuika kopinda mathaulo, ndipo nkhani ya mano ija anaipitiriza pomwe anailekezera. Kapitawo anapukusa mutu. "Wailesi iyi kufakitale anaiwala kuikapo ofu." Kuyambira pamenepo azimayi awiriwo ankamwera limodzi tiyi wa masana, atakhala pamatumba a mashiti akuda, nsana atatsamira khoma lokhalo limene linali lozizira.

Ofu ya papepala ndiyo inawavuta. Lachiwiri ndi tsiku lopanda mnzake. Maukwati a abale ankachitika Loweruka, pamene hotela inali yodzaza ndipo mashiti ankatsika ngati mvula, choncho a Nasimbi ankangoonera pazithunzi. Lachiwiri aliyense anali wotanganidwa kupatula iwo, ndipo banja lonse linapeza potulira katundu. Apongozi akafuna kukatenga mankhwala a shuga kuchipatala, ankadikira Lachiwiri. Kusukulu akaitana makolo, bambo a m'nyumba ankati, "Kawauze aphunzitsi kuti amayi ako abwera Lachiwiri." Mng'ono wawo ankatula mapasa ake pakhomo m'mamawa akuthamangira basi. "Si muli pa ofu, achemwali? Sakuvutitsani awa, adya kale." Mapasawo anali asanadye. Ndipo zochapa za m'nyumba za sabata yathunthu zinkawadikira m'beseni kuseri kwa chitseko, zopanda makina, za pamanja.

Lachitatu m'mawa Wailesi ankafunsa, "Ofu inayenda bwanji?"

"Ndabwera kudzapuma," ankayankha a Nasimbi akumanga epuloni. Onse awiri ankaseka, ngakhale panalibe amene ankanena nthabwala.

Amuna awo anali dalaivala wa lole ya maulendo ataliatali, munthu wa mawu ochepa kunyumba koma ambiri panjira. Mafoni a m'manja atafika, ofu inalowanso m'banja kudzera khomo lina. Akawaimbira kuti mwana watentha thupi kapena denga likudontha, kunkayankha mayi wa mawu osalala wonena kuti nambalayo sikupezeka. Bambowo akatulukira patatha masiku khumi, ankaponya makiyi patebulo n'kunena kuti, "Foni inali ofu, mayi. Batire." A Nasimbi anali munthu wochapa zovala, ndipo kwa munthu woteroyo kolala ya shati imaulula zambiri. Ankalidziwa fungo la sopo amene sanagule iwo. Koma sanakanganepo nawo. Ankafika panyumba mapazi atatupa, ndipo mkangano umafuna munthu woti aimirire.

Ana anali awiri, woyamba wamkazi amene mpaka lero amangomuti Chisamba, ndi wotsiriza wamwamuna, Mzime. Anapita kusukulu n'kubwerako ndi maofu awoawo. Chisamba ankanunkhiza mkaka n'kukwinya mphuno. "Amayi, uwu uli ofu."

"Wasasa, tanena bwino. Mkaka uli ndi batani?"

Mzime ankati mphunzitsi wake wa masamu mutu wake uli ofu pang'ono, chifukwa ankalankhula yekha pabolodi. Ndipo tsiku limene amayi awo afika osafuna kulankhula ndi munthu, anawo ankanong'onezana kukhitchini kuti, "Lero ali ofu, usawapemphe kanthu." A Nasimbi ankamva koma sankawadzudzula, chifukwa pa maofu onse imeneyo ndiyo inkawapatsako ola limodzi la mtendere.

M'chaka chawo cha makumi awiri ndi chitatu pantchito, amuna awo anabweretsedwa atagona kumbuyo kwa galimoto ya kampani. Anali atagwa potsika m'lole. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panakhota, mawu ankatuluka ngati munthu akutafuna nsalu. Bambo amene nyumba inkawaona kawiri pamwezi tsopano anakhala pampando wa pazenera tsiku ndi tsiku. Ana anali atachoka kale. Chisamba anali pabanja, akugwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala, ndipo Mzime anali kutali, akuimba foni kamodzi pamwezi. Mlongo wa bambowo, mayi wamasiye wokhala misewu iwiri kuchokera pamenepo, anavomera kumabwera m'mawa kudzakhala nawo mpaka madzulo. Alamuwo ankafika wodwala atasambitsidwa kale, atavekedwa, atamwetsedwa phala, ndipo ankanyamuka akangomva geti likulira madzulo. Tsiku lililonse sankalephera kugwira m'chiuno n'kudandaula za msana.

"Ine ndikungothandiza chifukwa muli pantchito, alamu. Mukanakhala muli pakhomo, bwenzi ndili kwanga phee."

Lachiwiri sankabwera. Ankati nawonso ali pa ofu.

Zaka zinayi zinapita choncho. A Nasimbi ankadzuka kunja kusanayere, kuika madzi pamoto, kutembenuza munthu wolemera kuposa iwo, kumupukuta, kusintha zofunda, kumukokera pampando, kenako kuthamangira minibasi. Kuntchito ankaimirira maola asanu ndi anayi m'nthunzi. Mikono yawo inali ndi timizere takuda ta zipsera za simbi, takale ndi tatsopano. Mawondo anayamba kulira pamasitepe. Nthawi zina ankagona ali chiimire m'minibasi, atagwira chitsulo, mpaka kondakitala kuwagwedeza. "Amayi, si pano mumatsikira?" Kutchalitchi anasiya kuwafunsa. Wailesi yekha ndi amene ankawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Iwe, tsiku lina udzagwera m'chigudumu ichi, ndipo ine zala zomenyera batani zandichepera."

Kenako hotela inagulidwa ndi anthu ena. Anasintha makatani, makapeti ndi mayunifolomu, atatero anayang'ana pansi. Anapeza kuti kuli kampani ina yochapa, imene ingamabwere ndi galimoto m'mawa kudzatenga mashiti n'kuwabweza madzulo. Lachisanu lina masana anthu a kochapira anaitanidwa mmodzimmodzi kuofesi ya m'mwamba. Kanali koyamba kuti a Nasimbi aponde kapeti ya kumeneko, ndipo anayenda m'mbalimbali kuopa kuidetsa.

Muofesimo munali mayi woona za antchito, wa msinkhu wa Chisamba, atavala bulauzi yoyera imene a Nasimbi anaisita okha dzulo lake. Anawerenga kalata m'Chingerezi, mothamanga, osakweza maso. Mawu ankadutsa ngati magalimoto pamsewu waukulu, ndipo a Nasimbi anagwirapo amodzi okha, amene ankawadziwa.

"Mwamva, amayi? Muli leyidi ofu kuyambira Lolemba."

"Ofu?"

"Eya."

"Kuyambira Lolemba? Osati Lachiwiri?"

"Lolemba."

Nkhope ya a Nasimbi inamasuka. Chaka chimenecho anali atapempha tchuthi kawiri konse osayankhidwa. Anaweramitsa mutu. "Zikomo kwambiri, bwana. Mulungu akudalitseni. Ndi masiku angati?"

Mayiyo anakweza maso koyamba. Anakankha pepala ndi cholembera patebulo. "Zonse zili m'kalatamo. Wina akakuwerengerani. Sainani apa."

Anatsika masitepe mopepuka, envelopu ili m'manja. Pansi anapeza Wailesi atakhala pandowa yovundikira, envelopu yake ili pamiyendo, ali chete. Chete ameneyo ndiye anawaimitsa pakhomo, chifukwa pa zaka zonsezo anali asanamumvepo.

"Asisi, andipatsa ofu."

"Khala pansi."

"Koma sananene masiku ake."

"Ilibe masiku, mnzanga. Iyi ndi ija unkaiopa uli mtsikana. Atizimitsa tonse. Ntchito yatha."

A Nasimbi anakhala pathumba la mashiti. Anayang'ana envelopu, anayang'ana mapaipi. Chimene chinawawawa poyamba sichinali ntchito ayi, koma zikomo uja, ndi kuweramitsa mutu kuja. Kenako makina achiwiri analira kuti amaliza, ndipo anadzuka kukatulutsa mashiti, chifukwa shiti yonyowa ikagona m'makina imanunkha. Anagwira Loweruka, anagwira Lamlungu, anapukuta chigudumu, n'kubweza epuloni.

Kunyumba sananene kanthu. Ankayembekeza kuti mantha awagwira, ndipo anabweradi, koma pansi pa manthawo panali chinthu china chimene ankachita nacho manyazi. Thupi lawo linali litamva mawu oti ofu muofesi muja, ndipo linakana kumva kumasulira kwa Wailesi. Linkafuna kugona basi.

Lolemba anadzuka nthawi yomwe ija, anasambitsa bambo, anawaveka, anawamwetsa phala. Alamu atalowa, a Nasimbi anatsegula pakamwa kuti aulule. Koma alamuwo anali atayamba kale za msana, kuti usiku wonse sanaone tulo, kuti iwo akungothandiza chifukwa anthu ali pantchito. A Nasimbi anaona bwinobwino mmene zikhalire: akangonena, mayiyo atenga kachikwama kake osabweranso, ndipo masiku onse a sabata asanduka Lachiwiri. Ananyamula chikwama chawo cha kuntchito.

"Ndapita, alamu."

Pasiteji anakwera minibasi ina, yopita kwa Wailesi. Wailesi ankakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa malo owotcherera zitsulo. Anatsegula chitseko, anayang'ana nkhope, anayang'ana chikwama, ndipo kachiwiri m'moyo wake sanalankhule zambiri.

"Bedi ndi limenelo. Ine ndikukafunsa ntchito kumalo odyera."

A Nasimbi anatulutsa foni. Anaiyang'ana kaye m'manja, akukumbukira zaka zimene iwo ndi amene ankaimba foni osayankhidwa, kenako anadina mpaka inazima. Anagona osavula ngakhale juzi. Kunja owotcherera ankadula zitsulo ndi kumenya nyundo, koma kwa munthu wozolowera makina phokosolo linali ngati nyimbo yogonetsa mwana. Anadzidzimuka dzuwa litapendeka, patsaya pali malovu, pampando pali tiyi wozizira ndi buledi wovundikira ndi mbale. Anadya, anasamba kumaso, n'kukafika kunyumba nthawi yawo ya masiku onse.

Lachiwiri anakhala pakhomo monga mwa nthawi zonse, anachapa zofunda, anakolopa, anameta bambo ndevu. Lachitatu anabwerera kwa Wailesi n'kugonanso tsiku lonse. Lachinayi tulo tinatha msanga. Anakhala pakhonde cha m'ma leveni koloko, dzuwa likuwawomba m'miyendo, manja ali pamawondo opanda chogwira. Tsidya lina la mpanda mayi wina ankayanika malaya, akupanikiza mapegi pamapewa m'malo mwa m'munsi. A Nasimbi anamva miyendo ikufuna kudzuka kuti akamuonetse, koma anaikaniza. Anangoonerera malayawo akupindika mpaka mayiyo analowa m'nyumba.

"Akunyumba uwauza liti?" anafunsa Wailesi madzulo ake.

"Mawa."

"Dzulo unati mawa."

"Tsiku limodzi lokha, asisi. Sindinabe kanthu ka munthu."

Lachisanu masana chitseko chinagogodedwa mwamphamvu. A Nasimbi anadzuka mutu uli zweee, n'kupeza Chisamba ali pakhomo ndi yunifolomu yake ya kusitolo, akupuma mwabefu.

"Amayi! Ndakhala ndikukusakani kuyambira teni koloko. Foni yanu ili ofu. Ndapita kuhotela, alonda akuti kochapira anatseka Lamlungu. Ine mwana wanu osadziwa, ndangoti kakasi pageti ngati chitsiru. Alondawo ndi amene andilozera kuno. Adadi agwa."

"Agwa pati? Ali moyo?"

"Ali moyo. Azakhali anapita kugolosale, iwo n'kumafikira kapu pazenera, mpando n'kupendama. Akhala pansi mwina theka la ola mpaka aneba kumva. Atemeka pachipumi, koma sanathyoke paliponse."

M'minibasi anakhala moyandikana. Atatsala pang'ono kutsika, Chisamba ananena motsitsa mawu, maso ali pawindo.

"Alonda atandiuza, ndinaganiza kuti mwina muli ndi munthu."

"Ndili naye," anatero a Nasimbi. "Dzina lake ndi tulo."

Chisamba sanaseke. Anayang'ana manja a amayi ake, zala zokhota ndi timizere takuda tija, ngati akuziona koyamba.

Kunyumba alamu anali atakhala pampando wa pakhomo, kachikwama kali kale pamiyendo. Sanadikire moni.

"Ndiye ine ndikuthyoka msana kuno, eni ake a mwamuna akukagona kwa anzawo? Masiku anayi, alamu! Kunditsanzika m'mawa uliwonse ndi chikwama m'manja, ngati munthu! Achimwene akanafera pansi apa mukanati chiyani?"

"Ndalakwa, alamu."

"Mwalakwa, inde. Kuyambira lero muziona nokha."

Geti linalira, alamu atatuluka. Chisamba anathamangira kusitolo kumene anangochoka osatsanzika bwino, ndipo m'nyumba munatsala anthu awiri. A Nasimbi anatenthetsa madzi, anatenga kansalu koyera, n'kugwada pambali pa mpando. Bala linali laling'ono, koma diso linali litayamba kutupa. Anapukuta magazi ouma m'nsidze osayang'ana bambowo m'maso.

"Ndi... ma... dziwa," anatero bambo. Ndi a Nasimbi okha amene ankatha kumva zolankhula zawo.

"Mumadziwa chiyani?"

"Lo... lemba."

Ndi dzanja lamanzere, lamoyo lija, anagwira mkono wa akazi awo n'kuukokera kumphuno. Ananunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Sopo... palibe."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri a Nasimbi ankafika panyumba akununkhira mankhwala ochapira ndi nthunzi, ndipo Lolemba anafika akununkha bulangeti la eni ake. Sanaganizepo kuti bambo amenewa ankadziwa fungo lawo.

"Nanga osanena bwanji?"

Bambowo analimbana ndi lilime kwa kanthawi, malovu akutsika mbali yakufa ija.

"Ndinati... agone."

A Nasimbi anafinya kansalu m'beseni. Sanadziwe kuti mawu amenewo awaike pati. Anali abwino, koma anabwera mochedwa ndi zaka zambiri, ndipo kulira kunkafuna mphamvu zimene analibe. Anapukuta malovuwo, anakonza pilo kumsana.

"Inunso kugwa kwanuko mukanadikira Lachiwiri," anatero.

Mbali imodzi ya pakamwa pa bambo inaseka, mapewa akugwedezeka, mpaka anatsamwa n'kufuna madzi.

Alamu sanabwerenso, ngakhale amatumiza moni kudzera kwa aneba. A Nasimbi anakokera tebulo lodyera pafupi ndi zenera, anayalapo bulangeti lakale ndi shiti, n'kuuza mphunzitsi wa nyumba yoyandikana kuti akhoza kumamusitira malaya. Mphunzitsiyo anauza mnzake wa kubanki, wa kubanki anauza mlamu wake, ndipo pasanathe mwezi kuseri kwa chitseko kunkalendewera malaya a amuna asanu ndi awiri osawadziwa bwino. Amasita bambo ali pambali, akuyang'ana simbi ikupita ndi kubwera mpaka kuwodzera. Magetsi akazima amadikira, akayaka amadzuka. Mzime anaimba foni, ananena kuti zimenezi si zoona, munthu wamkulu sangamavutike chonchi, aona chochita. Akuonabe.

Chisamba ndiye anabwera ndi mwamuna wake tsiku lina, anakhala pampando mwaulemu, n'kunena kuti Lamlungu lililonse masana azibwera kudzakhala ndi adadi, amayi azipita kulikonse kumene akufuna.

"Kulikonse kuti?" anafunsa a Nasimbi.

"Kulikonse, amayi. Kokacheza. Kokayenda."

Lamlungu loyamba anapita kwa Wailesi, amene tsopano ankatsuka mbale pamalo ena odyera ndipo anali ndi nkhani za makasitomala zokwana chaka. Lamlungu lachiwiri anapita kutchalitchi cha masana, anagona ulaliki uli mkati, n'kudzutsidwa ndi nyimbo yotsekera. Lamlungu lachitatu anangoyenda mpaka kumapeto kwa msewu, anakhala pabenchi ya kutsogolo kwa sitolo yotseka, akuonerera magalimoto. Patatha ola limodzi anayamba kuganiza ngati Chisamba wakumbukira kuti adadi ake samwa madzi ozizira, ndipo anabwerera nthawi isanakwane.

Lamlungu lachinayi anasambitsa bambo msanga, anaphika, anavala diresi yabuluu imene anaisita dzulo lake. Anali atakhala pamphepete pa bedi akuvala nsapato pamene foni inalira. Anali Chisamba.

"Amayi, pepani, andisinthira shifiti, mnzanga wadwala. Sabata yamawa ndibwera ndithu, musadandaule."

"Palibe kanthu, mwanawe. Gwira ntchito."

Anaika foni pabedi. Nsapato imodzi inali kuphazi, ina m'manja. Anakhala choncho kanthawi, akumvetsera ana a eni ake akusewera mpira mumsewu. Kenako kuchipinda chochezera kunamveka kapu ikugogoda pachitsulo cha mpando, kawiri, mwaulemu.

"Ndikubwera, abambo," anatero a Nasimbi, n'kuwerama kuvula inayo.